Ulusi Wofiira pa Chithunzi cha a Meya

Kuseri kwa laibulale ya khonsolo, mukangodutsa pampopi wa ogwira ntchito, kuli kachipinda kamene pamapulani a nyumbayo kanalembedwa kuti ndi kosungiramo matsache. Matsachewo sanalowemo. Munalowa a Singano, ndipo anakhalamo zaka makumi atatu ndi chimodzi akusoka mabuku ong'ambika. Pakalata yawo ya ntchito panali udindo wautali wonena za kusamalira katundu wa khonsolo wopangidwa ndi mapepala, koma palibe amene anawaitanapo ndi udindowo, ngakhale munthu amene anaupeka. Aliyense ankangoti a Singano, ngakhale akazi awo omwe akapsa mtima.

Buku likabwera lothothoka masamba, iwo ankalivula chikuto, kupala guluu wakale ndi kampeni kopanda chigwiriro, kusanja masamba, kuboola, kusoka, n'kumata kansalu kumsana. Akatero ankaliika pakati pa matabwa awiri n'kusanjikapo njerwa zinayi zokulunga m'nyuzipepala. Njerwazo zinkagwirizira udindo wa makina opanikizira mabuku amene khonsolo inagula kawiri konse, koma maulendo onse awiri makinawo anasochera panjira.

Anali ndi zizolowezi ziwiri zimene anzawo ankawaseka nazo. Choyamba, buku lililonse akamaliza kusoka ankalisiyira kaulusi kofiira, kotalika ngati chala, kakulendewera kunsi kwa msana, kuti owerenga aziika pomwe alekezera m'malo mopinda tsamba. Chachiwiri, sankataya chikuto. Chaka chimene khonsolo inasiya kugula makatoni a zikuto, iwo anatembenukira ku malipoti a khonsolo yomweyo. Malipotiwo ankabwera ambirimbiri chaka ndi chaka, a zikuto zolimba, zakuda, zolembedwa ndi zilembo zagolide, ndipo ankakalamba osatsegulidwa ndi munthu. A Singano ankachotsa zam'kati n'kupereka kwa amayi a kumsika kuti azikulungira malonda, chikutocho n'kuvekera buku lodwala. Pamwamba pa zilembo zagolide ankamata kapepala koyera kolembedwa dzina lenileni la bukulo. Motero malipoti a khonsolo anayamba kuthandiza anthu a mumzindawo, mwina kwa nthawi yoyamba.

Kunatsala miyezi inayi kuti apume pantchito. Lamulo lakale la khonsolo linkati wantchito wopuma bwinobwino atadutsa zaka makumi atatu amalandira penshoni, ndipo nyumba ya khonsolo imene akukhala amakhalabe mpaka imfa. Wochotsedwa ntchito amapatsidwa masiku asanu ndi awiri olongedza katundu, basi. Nyumba ya a Singano inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo akazi awo, amene miyendo inali itayamba kuwakana, ankaidziwa mwa kugwira makoma.

Kenaka kunabwera tsiku lolimbikitsa kuwerenga, ndipo mlendo wolemekezeka anali a Meya.

M'laibulalemo munali buku lakale lomwe anthu ankangolitchula kuti buku la Chimimba, potengera mwini nkhani wake. Linalembedwa a Meya asanabadwe, ndipo mlembi wake anafa kalekale. Chimimba anali wogulitsa matumba amene anagula mavoti mpaka kukhala mkulu wa mzinda. Anagulitsa zitsulo za mlatho anthu akuwolokabe, anapereka theka la manda kwa mlamu wake kuti amangepo sitolo, ndipo chitsime chimodzi anachitsegulira katatu, ulendo uliwonse atachipaka penti wamtundu wina. Kumapeto kwa nkhani Chimimba samangidwa, amavekedwa mendulo. Bukulo linakhala pamayeso a sukulu zaka zambiri, moti theka la akuluakulu a khonsolo anakhoza nalo mayeso, ndipo ena amati analimvetsa kuposa mmene aphunzitsi ankafunira.

Patsikulo anapempha mphunzitsi wina wopuma, gogo wosaona bwino, kuti awerengere alendo chilichonse chimene amakonda. Gogoyo anatsegula mutu wa chitsime, umene anauphunzitsa moyo wake wonse. Sanadziwe, kapena anasankha kusadziwa, kuti sabata yapitayo a Meya anali atatsegulira zimbudzi za kumsika kachitatu, ulendo uno zitapakidwa penti wobiriwira.

M'holomo munali zii. Anthu ankayang'ana nsapato zawo. Ndiye kumbuyo kwenikweni munthu mmodzi analephera kudzigwira, napulumutsa kaphwete kamodzi kokha. Anali dalaivala wa khonsolo, mlongo wawo wa akazi a Singano. Lolemba lotsatira mlamuyo analandira kalata yomuthokoza chifukwa cha ntchito yake yabwino ndi kumuuza kuti asiye makiyi pageti.

Lachitatu kunabwera kalata ina, yopita ku laibulale. Inasainidwa ndi a Mlembi a khonsolo, ndipo inalembedwa mosamala ngati munthu wowoloka mtsinje wa ng'ona. Sinanene kuti bukulo likunyoza aliyense, chifukwa wolemba zimenezo akanayenera kutchula wonyozedwayo ndi kufotokoza kufanana kwake. Inangoti bukulo likuunikidwa, makope onse aperekedwe pofika Lachisanu nthawi ya thwelofu masana, ndipo wantchito aliyense wopezeka atasunga kapena kubisa kope adzachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

A Madamu, mkulu wa laibulale, analowa m'kachipinda ka a Singano atanyamula kabokosi ka makhadi. Sanakhale pansi, poti munalibe pokhala.

"A Singano, makhadi akuti mabuku a Chimimba tili nawo asanu. Ine ndapeza anayi."

"Mwina wina anabwereka, madamu."

"Ndimafuna zikanatero. Kakhadi ka lachisanu kakuti linalowa m'chipinda muno kudzasokedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo silinatuluke. Siginecha iyi ndi yanga kodi?"

A Singano anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali, ngati kuti dzanja lawo lingasinthe.

"Ndi yanga."

"Ndiye lifuneni, bambo anga. Ine ndili ndi ana kusukulu. Lachisanu ndikanena zimene kakhadi kakunena, osawonjezera, osachotsera."

A Madamu atatuluka, a Singano sanafunefune paliponse, chifukwa ankadziwa pomwe bukulo linali. Ankaliona tsiku lililonse polowa ntchito.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo analisoka bwinobwino n'kuliveka chikuto cha lipoti lotchedwa Ndondomeko ya Chitukuko cha Mzinda. Analisiya patebulo kuti mawa lake amate kapepala koyera kaja. Mawa lakelo anapita kumaliro. Tsiku lomwelo a Meya atsopano ankajambulidwa chithunzi cha udindo, ndipo kunapezeka kuti mu ofesi yawo mulibe buku ngakhale limodzi. Anatuma mesenjala ku laibulale kuti akatenge mabuku ooneka bwino. Mesenjalayo anasankha monga anauzidwira, poyang'ana chikuto. A Singano pobwera anapeza patebulo pali mbee. Patatha mwezi chithunzi chinapachikidwa m'chipinda chowerengera: a Meya atavala mkanjo ndi unyolo wa udindo, dzanja lamanja litatsamira pa buku lakuda la zilembo zagolide, ndipo kunsi kwa chala chawo chaching'ono kukulendewera kaulusi kofiira.

A Singano anakhala chete poganiza kuti bukulo libwerera. Anali asanaphunzire kuti mu ofesi ya a Meyawo zinthu zinkangolowa. Choipa kwambiri, a Meya analikonda. Ankapita nalo kumisonkhano, n'kumalikweza m'mwamba pamaso pa anthu, amvekere: "Zonse ndikuchitazi zili muno. Ndimawerenga m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi." Anthu ankawomba m'manja. A Singano akamva zimenezo pawailesi ankadzuka kukamwa madzi.

Madzulo a Lachitatulo, dzuwa lisanalowe, anaulula zonse kunyumba. Akazi awo anali pampando wawo wa pakhonde akusankha nyemba. Mlamu uja, amene chichotsedwereni ntchito ankafika nthawi ya chakudya mosaphonya, anali atakhala pa ndowa yovundikira.

"Ndiye mukuti lili m'manja mwa mwini wake?" anafunsa mlamuyo. Milomo yake inayamba kulimbana ndi phwete.

"Alamu, mukasekanso pano mukadyera kwina."

"Sindikuseka, alamu. Ndikungoti ine anandichotsa chifukwa cha kaphwete kamodzi. Inu mwamunyamulitsa munthu buku lonse zaka sikisi. Inutu sakuchotsani, akupachikani pambali pa chithunzicho."

"Achimwene, khalani chete," anatero mayiwo. Anaika lichero pansi. "Bambo, mukakanena zoona chichitike n'chiyani?"

"Ndikanena kuti ali nalo ndi iwo, ndiye kuti ndanena kuti zaka zonsezi sanalitsegule, akhala akunamiza anthu. Apo ayi, ndiye kuti amaliwerengadi m'mawa uliwonse n'kumachita zili m'menemo. Sankhani inu chimene ndikanene."

"Nanga mukakhala chete?"

"Kakhadi kandinenera. Ndabisa buku."

"Kugula lina?"

"M'masitolo anachotsa dzulo. Komanso lathu lili ndi chidindo ndi nambala."

Mayiwo anayang'ana khoma la nyumba, pamene dzanja lawo linasiya mzere wakuda chifukwa chogwirapo tsiku ndi tsiku popita kukhomo.

"Ine masitepe a nyumba ina sindingawaphunzire, bambo. Miyendo iyi inaloweza pano. Ndinakuuzani kalekale kuti zikuto za eni ake muzizisiya, inu mumvekere kutaya n'kulakwa. Onani tsopano, a Singano."

Lachinayi a Singano anasoka mabuku atatu, awiri mwa iwo mozondoka, n'kuwaphwasulanso.

Lachisanu nthawi ya teni komiti inafika. Inali ya anthu awiri, koma inkatchedwabe komiti chifukwa inali ndi fayilo. Wapampando anali a Mlembi eni ake, bambo wowonda, wa jekete yotuwa, amene anatumikira mameya asanu n'kuwalembera onse mawu owalandira ndi owatsanzika. Ena amati linali pepala limodzi lomwelo, ankangosintha ndime yomaliza. Winayo anali mkulu wa alonda a khonsolo, munthu wa khosi lalikulu amene ankakhulupirira kuti chinthu chikasowa ndiye kuti wina sanamenyedwe mokwanira.

Anakhala m'chipinda chowerengera, pansi penipeni pa chithunzi chija. A Madamu anapereka mabuku anayi ndi kakhadi, nanena zimene kakhadi kankanena, osawonjezera, osachotsera, kenaka anakumbukira kuti ali ndi ntchito ina kuofesi.

"Madala, buku lili kuti?" anafunsa mkulu wa alonda.

"Silili m'chipinda changa, bwana."

"Sindinafunse komwe kulibe."

Anapita kukasecha. Anagwetsa njerwa, anakhuthula chitini cha guluu, anasuzumira mpaka m'kapu ya tiyi. Kenaka anatulukira atanyamula mulu wa mabuku akuda, nakanda kapepala koyera ka limodzi ndi chikhadabo mpaka golide anaonekera.

"Taonani izi, a Mlembi. Kunja lipoti la khonsolo la misewu, m'kati nthano za ana. Munthu uyu wakhala akusenda malipoti athu ngati nthochi."

A Mlembi analandira bukulo, nalitembenuza, nagwira kaulusi kofiira ndi zala ziwiri. Analemba mzere umodzi m'fayilo n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa leveni.

"Bambo," anatero mofatsa, "kalata yanu yochotsedwa ntchito ndabwera nayo, yatsala siginecha yokha. Sindikonda kusaina ndisanadye. Muli ndi mawu?"

A Singano anamva malilime a nsapato zawo akuwafinya. Anaganiza za mzere wakuda pakhoma lija. Kukhala chete kunali kutaya nyumba mosakayika. Kuyankhula kunali kuitaya mwina. Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi za m'khonsolo anaphunzira kuti mwina ndi mawu aakulu.

"Ndili nawo, bwana. Koma ndi a makutu awiri okha."

Mkulu wa alonda anafuna kukana, koma a Mlembi anamutuma kukawerenganso mabuku anayi aja panja, powala bwino. Chitseko chinatsekeka. A Singano anatenga rula patebulo, naimirira pansi pa chithunzi, naloza kunsi kwa chala chaching'ono cha a Meya.

A Mlembi anayandikira. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anayang'ana kaulusi ka pachithunzi, nayang'ana kaulusi ka buku linali m'manja mwawo. Khungu la pamphumi pawo linayamba kunyezimira.

"Mukutsimikiza?"

"Ulusi wanga ndimaudziwa, bwana."

"Mesenjala uja anatumidwa ndi ndani?"

"Kakalata kake kanali ndi chidindo cha ofesi yanu."

A Mlembi anakhala pampando wa ana umene unali pafupi. Iwo ndi amene anagwira dzanja la a Meya tsiku lojambula n'kuliika pabukulo kuti chithunzi chioneke cha munthu wophunzira. Iwo ndi amene analemba mawu aja a m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi. Ndipo chithunzicho chinali m'maofesi onse a khonsolo, m'sukulu, m'zipatala, mpaka m'zimbudzi zobiriwira za kumsika.

"Wina akudziwa ndani?"

"Mayi a kunyumba. Ndi mlamu wanga."

"Mlamu wanu uti?"

"Dalaivala uja."

"Woseka uja?"

"Yemweyo, bwana."

A Mlembi anatseka maso kwa kanthawi.

"Komiti sigamula nkhani poona chithunzi," anatero potsiriza. "Tiyeni tikaone ndi maso. Kuyambira pano ndinu woona za chiswe. Musayankhule pokhapokha mutafunsidwa, ndipo mukafunsidwa muyankhe za chiswe."

Anawoloka msewu kulowa kumaofesi a khonsolo. A Singano anali asanakwereko kuchipinda cham'mwamba. Kapeti ya kumeneko inkameza phokoso la mapazi, moti munthu ankadzimva ngati wafa kale. Anapeza a Meya ataimirira pakati pa ofesi atavula jekete, telala akuwayeza mkanjo watsopano, popeza wakale unali utayamba kuchepa monga inkachitira mikanjo yawo yonse. Pakona pa tebulo lalikulu panali buku lakuda, kaulusi kofiira kakulendewera m'mphepete.

"Uyu ndani?" anafunsa a Meya.

"Woona za chiswe, bwana. Tamva kuti chalowa m'mashelefu a m'maofesi."

"Chiswe? Muno? Chimadya chiyani muno?"

"Chimayamba ndi mapepala, bwana," anatero a Singano.

Anayendayenda kushelefu, akugogoda matabwa ndi chala, akusendera pang'onopang'ono kutebulo. Atangotambasula dzanja, a Meya anawatsogolera n'kulitola.

"Limeneli lisiyeni, madala. Chiswe sichingayerekeze. Mukulidziwa buku limeneli?"

"Ndimaliona pachithunzi, bwana."

"Mzinda wonse uli muno. Onani kulimba kwake. Zaka sikisi ndikuyenda nalo, mvula, dzuwa, osathothoka tsamba. Mabuku a masiku ano angatero?"

A Singano anamva kanthu kena kotentha pamtima. Palibe bwana amene anayamikirapo ntchito yawo chiyambire.

A Meya anatsegula chikuto. Patsamba loyera loyamba, limodzi mwa awiri amene a Singano ankaika kutsogolo kwa buku lililonse, panali siginecha yawo yaikulu ngati njoka yopondedwa.

"Mwaona? Ndinasaina ndekha." Ananyambita chala chachikulu n'kuchiika pakona ya tsambalo. Linatembenuka. Kunatsala loyera limodzi. Ananyambitanso chala.

A Singano anaona tsamba lotsatira m'mutu mwawo, dzina la bukulo m'zilembo zikuluzikulu, ndi kachithunzi ka munthu wamimba atakhala pachitsime. Anaona akazi awo atakhala pa katundu kunja kwa geti.

"Kwezani manja onse, bwana," anatero telala, tepi ili kukamwa. "Pamimba pokha patsala."

A Meya anatseka bukulo n'kulipereka kwa munthu amene anali pafupi, osamuyang'ana n'komwe. Anali a Mlembi. Iwo anatembenukira kuzenera ngati akufuna chiswe, natsegula pakati, pomwe panali kaulusi. Anawerenga mzere umodzi kapena iwiri. Analitseka mwaulemu ngati akutseka maso a maliro.

"A Mlembi," anatero a Meya, manja ali m'mwamba, "buku lachipongwe lija mwalipeza? Ndamva kuti lina likusowa."

Wotchi ya pakhoma inali itatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ikwane thwelofu. A Mlembi anali ndi bukulo kudzanja lamanja, fayilo ya kalata yosasaina kukhwapa lamanzere. A Singano anayang'ana kapeti. Ankadziwa kuti njira yapafupi kwa munthu wa jekete yotuwayo inali kuloza nkhalamba ya chiswe, kusaina, n'kupita kukadya.

"Onse asanu apezeka, bwana. Anayi ali m'manja mwa komiti. Lachisanu lili pamalo otetezeka, pomwe komiti yatsimikiza kuti palibe amene adzaliwerenge."

"Analibisa ndani? Ndikufuna munthu achoke. Anthu aone."

"Zimenezo n'zotheka, bwana. Kalata ndakonza kale. Kungoti wantchito wake wadutsa zaka makumi atatu, ndiye malamulo akuti nkhani yake imvedwe ndi makhansala onse, otsutsa omwe, atolankhani ali pomwepo."

"Imvedwe. Vuto lili pati?"

"Palibe vuto, bwana. Kungoti umboni umayenera kuwerengedwa mokweza kuti ulowe m'maminitsi."

Manja a a Meya anatsika pang'ono. Telala anawakwezanso.

"Umboni wake uti?"

"Bukulo, bwana. Makamaka mutu umene unadandaulitsa. Wa chitsime uja. Woyamba kuwerenga amakhala mlembi, kenaka woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wowerenganso yekha ngati akuona kuti mlembi wadumpha mawu."

M'chipindamo munangomveka tepi ya telala ikukokedwa. Telalayo anayang'ana nambala, nayang'ananso, nailemba mobisa.

"Kawiri," anatero a Meya.

"Pakakhala apilo, katatu."

A Meya anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Ine ndine munthu wokhululuka, a Mlembi. Anthu amandidziwa. Lembani kuti ndakhululuka. Ndipo bweretsani buku langalo, masana ano ndikukatsegulira mpopi."

A Mlembi analipereka ndi manja awiri.

Atafika panja, pansi pa mtengo wa pamalo oimika magalimoto, a Mlembi anatulutsa kalata ija m'fayilo, naipinda kanayi, naiika m'thumba lam'kati. Sanaing'ambe, munthu wa m'boma sang'amba pepala limene lingadzafunike.

"Khoswe wakhala pamkhate, bambo. Simunandiuze kanthu, ine sindinaone kanthu. Yatsala miyezi ingati?"

"Inayi, bwana."

"Isakhale isanu. Ulusi wofiirawo muusiye lero. Ndipo mlamu wanuyo mumuuze kuti akafuna kuseka azilowa m'nyumba."

A Singano anabwerera kukachipinda kawo, natola njerwa zinayi zija, nazikulunganso m'nyuzipepala. Atamaliza anakhala pansi pasimenti mpaka belu la nkhomaliro. Kunyumba, akazi awo atamva, anangoti, "Ndiye mukonze chitseko cha kubafa, poti tikhalamo," koma nyemba za tsikulo anazithira mchere kawiri.

Lipoti la komiti linatuluka patatha milungu isanu ndi umodzi. Linali la masamba makumi anayi, chikuto chakuda, zilembo zagolide. Linayamikira utsogoleri wa a Meya, linadzudzula makhadi, ndipo linalimbikitsa kuti khonsolo igule makina opanikizira mabuku. Miyezi inayi ija a Singano anasoka ndi ulusi woyera, ndipo owerenga anayambiranso kupinda masamba. Anapuma pa tsiku lake. Anawapatsa satifiketi imene dzina lawo linalakwika, koma nambala ya nyumba inali yolondola. Mlamu uja sanabwezeredwe ntchito. Khonsolo inakhululukira obisa, osati oseka.

Loweruka lina m'mawa, patatha miyezi ingapo, a Singano ali pakhonde kukonza mpando wa akazi awo, anaona munthu wa jekete yotuwa akuzungulira thanki ya madzi wapansi, atapanira kaphukusi kukhwapa. Mayiwo anagwira khoma.

"Musadzidzimuke, mayi, sindinabwere ndi fayilo," anatero a Mlembi. Analandira mpando, nafunsa za miyendo, nadandaula za kutentha. Kenaka anamasula kaphukusiko. Munali buku la Chimimba, limodzi mwa anayi aja, msana utathyoka, masamba akugwa okha.

"Ndimayesa analamula kuti atenthedwe," anatero a Singano.

"Analamula. Koma kutentha katundu wa khonsolo kumafuna fomu, ndipo fomuyo inatha. Ndiye akhala akudikira mu ofesi mwanga. Kudikirako, otayipa abwereka, alonda abwereka, makhansala a mbali zonse abwereka. Mkulu wa alonda uja wabwereka kawiri. Atatu sanabwerere. Ili ndi lotsala, ndipo ine ndinalekezera pakati."

A Singano analitembenuza m'manja, nayesa msana ndi chala.

"Lisokeka. Koma chikuto chafa, ndipo makatoni ndilibe."

"Ndabwera nacho."

Pansi pa kaphukusiko panali lipoti la komiti lija, latsopano, losatsegulidwapo. A Singano analiyeza pabukulo. Linakwana ngati analipangira.

"Kapepala koyera pamwamba ndimate?"

"Ayi. Lizikhala pashelefu ya ofesi yanga."

"Nanga ulusi?"

A Mlembi anayang'ana kumsewu, kenaka kuthanki.

"Ndimataya pomwe ndalekezera," anatero motsitsa mawu. "Koma kakhale kafupi."

Mayiwo anatuma mlongo wawo, amene anali atafika kale kudzadikira nkhomaliro, kuti akatenge chitini cha ulusi pawindo la kuchipinda. Mlamuyo analowa, natseka chitseko bwinobwino monga anauzidwira, ndipo anachedwako ndithu.